Kodi Masters Ingachize Ulova wa Digiri Yoyamba?

Mwana akamaliza maphunziro a ku yunivesite n'kukhala pakhomo chaka chimodzi, ziwiri, osaitanidwa ngakhale ku intavyu, malangizo amene achibale amathamangira kupereka masiku ano ndi amodzi: abwerere kusukulu akatenge Masters. Maganizo ake ndi omveka. Ngati digiri yoyamba yachuluka moti khomo lililonse lili ndi chithunzi cha mwana wovala gauni, ndiye kuti wokhala ndi madigiri awiri aoneka msanga, ndipo wa PhD sangasowe pogwira. Makolo amagulitsa poloti, ena amakongola ku SACCO ya kuntchito, mwana n'kuyamba makalasi a Loweruka ndi Lamlungu. Malangizowa amachokera m'chikondi, koma ine ndikuona kuti nthawi zambiri amaphonya pamene pali vuto. Digiri iliyonse ili ndi ogula ake, ndipo ogulawo amanka nachepa munthu akamakwera. Yoyamba imalowetsa munthu pantchito, yachiwiri imakweza amene ali kale m'kati, pamene yachitatu imafunidwa ndi olemba ntchito oti mukhoza kuwawerenga ndi zala. Wofuna kudziwa mwayi wa mwana wake ayambe wafunsa kuti ndani m'dziko muno amalipira pepala la mtundu umenewo, nanga ali ndi malo angati.

Chikhulupiriro chakuti digiri ndi ntchito sichinangogwa kumwamba. University of Malawi itayamba kuphunzitsa mu 1965 inali ndi ophunzira osakwana 100. Boma latsopano linkafuna Amalawi olowa m'maofesi omwe azungu ankasiya, ndipo m'zaka za m'ma 1970 makampani monga ADMARC, ESCOM, Malawi Railways ndi Press ankakula. Womaliza ku Chancellor, ku Poly kapena ku Bunda nthawi imeneyo ankachita kusankha kolowera. Kwa zaka zoposa 30 yunivesite ya boma inali imodzi yokhayo, mpaka Mzuzu University itatsekulidwa mu 1999. Lero za boma zilipo 6, kutsatira kuima payokha kwa LUANAR, kutsekulidwa kwa MUST ku Thyolo mu 2014, ndi kugawidwa kwa University of Malawi mu 2021 komwe kunabala MUBAS ndi KUHeS. Pamwamba pa izi pali za mipingo ndi za anthu wamba, kuyambira Livingstonia, Catholic University ku Nguludi, mpaka tizipinda ta pamwamba pa mashopu m'tauni. Koma pamene masukulu ankachuluka, olemba ntchito sankachuluka nawo. Kuyambira m'ma 1980 ndondomeko zokonzanso chuma zomwe IMF ndi World Bank ankalimbikitsa zinamanga boma manja pa kulemba anthu, m'ma 1990 makampani ambiri aboma anagulitsidwa, ena n'kutsekedwa, ndipo mafakitale monga David Whitehead ku Blantyre, omwe ankalemba anthu masauzande, anafota. Kafukufuku wa anthu apantchito yemwe National Statistical Office inachita mu 2013 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse ogwira ntchito, 89 anali pa ntchito zopanda kalata yolembedwera, zopanda penshoni kapena tchuthi cholipidwa: alimi, a geni, a kabaza, a ganyu. Madigiri onse, oyamba mpaka a PhD, akulimbirana 11 otsalawo.

Wina anena kuti izi sizikumveka, pakuti Malawi ali m'gulu la mayiko omwe achinyamata ofika ku yunivesite ndi ochepa zedi padziko lonse, osafika ngakhale 5 mwa 100 alionse. Dziko lotere lingachulukidwe bwanji ophunzira? Zoonadi silinachulukidwe. Koma kusowa munthu ndi kukhala ndi ndalama yomulipira ndi zinthu ziwiri zosiyana. Chipatala cha kumudzi chikhoza kukhala ndi namwino mmodzi wogwira usana ndi usiku, pomwe anamwino omaliza maphunziro ali pakhomo kudikira kuti boma lilengeze zolemba. Aphunzitsi a pulayimale ophunzitsidwa ndi ndalama za boma lomwelo akhala akudikira zaka asanatumizidwe kusukulu, pamene kalasi ya Sitandade 1 ili ndi ana oposa 100. Amene amatsekula malo a ntchito si wodwala kapena mwana wa sukulu; ndi Treasury, malinga ndi zomwe bajeti yalola. Msika wa ntchito umawerenga malo omwe ali ndi malipiro, osati mavuto omwe akufunika munthu wophunzira.

Malo akachepa chotere, pepala limasintha ntchito yake. Limaleka kukhala umboni wa zimene munthu angathe kuchita, n'kukhala chosankhira anthu pamzere. Katswiri wa ku Britain, Ronald Dore, analemba za chizolowezichi mu 1976 m'buku lake la The Diploma Disease, atayerekeza England, Japan, Sri Lanka ndi Kenya. Anaona kuti dziko likachedwa kutukuka, ntchito zolembedwa zimakhala zochepa koma zosiririka kwambiri, choncho olemba ntchito amangokweza pepala lofunika pa ntchito yomweyo ngakhale ntchitoyo sinasinthe. Kuno kwathu taziona: mpando wa pa kauntala ya banki, womwe kale unkakhala wa MSCE yabwino, lero umalimbiranidwa ndi a digiri, ndipo wa dipuloma amakankhidwira pansi kukalanda malo a wa Fomu 4. Amene ali pansi penipeni ndiye amapanikizika koposa. Mu June 2020, Unduna wa Zaumoyo utaitana anthu ku maintavyu ongofika pamalo, khamu linachuluka moti ku Mzuzu anthu ambiri anavulala popondana. Aliyense amene anagonapo pamzere wa mafuta akudziwa mmene zimakhalira. Kudzuka 3 koloko m'bandakucha kumakuika patsogolo pa anzako, koma sikuwonjezera ngakhale lita imodzi m'thanki, ndipo onse akaphunzira kudzuka nthawi imeneyo, wofuna kutsogola ayenera kugona pomwepo. Masters yotengedwa pothawa ulova ndi yotero: kwa munthu mmodzi ndi nzeru, koma onse akachita chimodzimodzi, mzere umakhala womwewo, fizi yokha ndiyo yapita.

Apa ndi pamene ena amalumphira kunena kuti sukulu ilibenso phindu, poti anzawo omwe analekera Fomu 2 ali ndi maminibasi. Mawuwa amakoma pa Facebook, koma manambala sakugwirizana nawo. Akatswiri a World Bank, Claudio Montenegro ndi Harry Patrinos, atasonkhanitsa kafukufuku wa mayiko oposa 100 mu 2014, anapeza kuti kum'mwera kwa chipululu cha Sahara chaka chilichonse cha maphunziro a ukachenjede chimakweza malipiro ndi pafupifupi 21 peresenti, kuposa chigawo china chilichonse cha dziko lapansi. Ku South Africa, komwe amawerenga malova miyezi itatu iliyonse, munthu mmodzi mwa atatu ofuna ntchito alibe ntchito, koma mwa a digiri ndi pafupifupi mmodzi mwa 10. Tisaiwale kuti nambala ya malipiroyo ikunena za amene analembedwa kale, osati amene ali pakhomo. Komabe ikutiuza kuti mpata waukulu uli pakati pa wopanda digiri ndi wa digiri yoyamba. M'boma, wa digiri amayambira pa Grade I, paja amati PO, pamene wa MSCE akhoza kukalamba asanafikepo. Chinanso chimene chimasokoneza maso ndi chakuti ulova wa ophunzira umaonekera kwambiri chifukwa iwo ali ndi pokhala podikira. Mnyamata wa kumudzi yemwe sanapite patali sangakhale lova chaka chathunthu; njala imutengera kumunda kapena kukaumba njerwa, ndipo owerengera amulemba kuti ali pantchito.

Pakati pa a digiri yoyamba okhaokha, chimene chimasiyanitsa kwambiri ndi chimene munthu anaphunzira, makamaka ngati ntchito yake ili ndi mpanda wa lamulo. Dokotala ayenera kulembetsedwa ku Medical Council of Malawi, namwino ku Nurses and Midwives Council, loya ayenera kuvomerezedwa kuimira anthu m'khoti, ndipo wowerengera ndalama amalemera akakhala ndi mapepala a ICAM kapena ACCA. Mpanda wotere umachepetsa opikisana nawo: wa digiri ya mbiri yakale sangafunsire ntchito ya udokotala, koma ntchito ya ofesala wa pulojekiti imafunsiridwa ndi wa mbiri yakale, wa zaulimi, wa zamalonda ndi wa zaumulungu yemwe. Madigiri osavuta kutsekula, osafuna labotale kapena makina, ndi amene masukulu ambiri atsopano anathamangira, n'chifukwa chake a business administration ndi a chitukuko cha m'madera achuluka kuposa malo awo. Kenako pamabwera dzina la sukulu ndi funso loti kodi pulogalamuyo inavomerezedwa ndi NCHE, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 kuti liziyang'anira maphunziro a ukachenjede. Pepala la pulogalamu yosavomerezeka likhoza kutayidwa lisanawerengedwe n'komwe. Distinction ndi credit zimathandiza pa ntchito yoyamba yokha. Zaka zitatu zikapita, palibe amafunsanso.

Tsopano tengani nyuzipepala ya The Nation kapena The Daily Times muwerenge bwino chilengezo cha ntchito. Mzere woyamba umatchula digiri. Mzere wachiwiri, womwe ndi umene umadula anthu, umati wofunsira akhale atagwirapo ntchito yofananayo zaka zitatu kapena zisanu. Masters ikatchulidwa, kawirikawiri imakhala kumapeto, ngati chowonjezera chabe. Wofunsirayo ajambulitse masatifiketi ake, akadinditse kwa loya kapena kwa majisitireti, aike mu envulopu ya khaki pamodzi ndi mayina a anthu atatu omuchitira umboni, akaponye ku positi ofesi kapena akasiye kwa mlonda wa pageti, kapena agule bandulo n'kutumiza pa intaneti. Zonsezi ndi ndalama, ndipo amazibwereza kambirimbiri osalandira yankho. Akaitanidwa, intavyu ili ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Amene ali ndi azakhali ku Area 25 kapena amalume ku Chilomoni ali ndi pogona, akhoza kugwira ntchito yongodzipereka miyezi ingapo mpaka CV itadzaza. Mnzake wa ku Chitipa kapena ku Nsanje, wa magiredi omwewo, amabwerera kumudzi, ndipo chaka chilichonse chomwe ali kumeneko pepala lake limazizira. Boma linazindikira msamphawu pamene linayambitsa pulogalamu yoika omaliza maphunziro m'maofesi ake mu 2018, n'kumawapatsa K80,000 pamwezi. Ndalamayo inali yochepa ndipo ambiri ankabwerera pakhomo nthawi yawo ikatha, koma inkagula chinthu chimene chilengezo chimafuna pamzere wachiwiri uja, chomwe kalasi ya Masters singapereke.

Nanga Masters imagulidwa ndi yani? Mayunivesite amaifuna kwa wofuna kukhala lekichala. Mabungwe omwe si aboma ndi maofesi a mayiko opereka thandizo amaifuna pa maudindo oyendetsa mapulojekiti. Reserve Bank, mabanki akuluakulu ndi maunduna amaiyang'ana posankha okwera pa mipando ya pamwamba. Kupatula yunivesite, onsewa amaifuna ili pamwamba pa zaka zogwira ntchito. Choncho mnyamata wa zaka 26 wokhala ndi madigiri awiri koma wosalembedwapo amagwera pakati: pa mpando waukulu alibe zaka, pa mpando woyambira bwana amamuopa kuti afuna malipiro ambiri, kapena athawa pakangopezeka pena, kapena, tinene zoona, amuposa iyeyo mapepala. Mudzamva anthu akuti koma a Masters ambiri ali pantchito. Inde ali pantchito, koma funsani kuti chinayamba n'chiti. Lowani m'kalasi ya MBA Loweruka m'mawa muone magalimoto ali panja. Ambiri mwa ophunzirawo analembedwa kalekale, ena fizi ikulipiridwa ndi kampani. Ngakhale thandizo la maphunziro la Chevening lopitira ku Britain limafuna kuti wofunsira akhale atagwirapo ntchito zaka ziwiri. Ntchito ndi imene inawapezetsa Masters, ndipo kuwerenga chiwerengerocho cham'mbuyo ndi kumene kukugulitsitsa mapoloti a makolo.

Sindikunena kuti Masters ndi yachabe kwa wosalembedwa aliyense. Ilipo imene imaperekadi luso latsopano losowa: dokotala wophunzira ukadaulo wa maopaleshoni kapena wa matenda a ana ku KUHeS, wa masamu wolowa m'kafukufuku wa miliri, injiniya wozama pa za madzi kapena magetsi, wa zachuma wophunzira kusanthula manambala. Yoteroyo imasamutsa munthu kuchoka pamzere wautali kupita pa waufupi. Imene ndikuikayikira ndi yongobwereza zomwe munthu anaphunzira kale, m'kalasi ya anthu ambirimbiri, yosankhidwa chifukwa ndiyo inali pafupi komanso yotchipa. Ndipo ngakhale yabwinoyo imatsamira pa mtengo womwe mizu yake ili kunja. Boma la America litaimitsa thandizo la USAID mu January 2025, mapulojekiti ambiri a zaumoyo ndi chitukuko anaima, ndipo amene anabwerera pakhomo sanali alonda ndi madalaivala okha. Munali akatswiri a madigiri awiri, omwe tsopano akufunsira ntchito zomwezo ndi ana omwe angovula gauni, iwo ali ndi zaka 10 pa CV.

Za PhD n'zachidule, poti ogula ake ndi ochepa: mayunivesite, malo a kafukufuku wa zaumoyo monga Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre ndi UNC Project ku Lilongwe, a zaulimi monga Chitedze ndi Bvumbwe, ndi mabungwe a mayiko onse. Wa PhD yeniyeni sakhala lova kawirikawiri, pakuti mayunivesite athu akuperewera aphunzitsi a mlingo umenewu, ndipo ambiri amapita kukaphunzira ali kale ndi mpando wowadikira. Koma khomo lake ndi lopapatiza. Munthu wathera zaka zinayi pa kachilombo kamodzi kowononga chinangwa. Akasowa malo m'nyumba zochepazo, kampani ya m'tauni sidziwa chomuchitira. Kafukufuku wambiri amayendera ndalama zakunja zokhala ndi tsiku lothera, ndipo pepala lomweli ndi limene limatsekula msanga njira ya ku Gaborone, ku Johannesburg kapena ku Liverpool, kotero kuti dziko limaphunzitsa munthu kuti akapindulire ena. Za ma PhD aulemu, omwe ena amalandira pa mwambo wa kuhotela atalipira kenakake n'kuyamba kudzitchula dokotala, msika wa ntchito suziwerengera n'komwe.

Pali chitsutso china champhamvu kuposa zonsezi, ndipo sindichipeputsa. Achinyamata amati nkhani ya madigiri ndi yongotaya nthawi, chifukwa ntchito m'Malawi ndi kudziwana: chilengezo chimatuluka munthu atasankhidwa kale, ndipo wopanda m'bale wa pampando, wopanda chipani, wopanda kangachepe, angokhala. Kukondera kulipo, ndipo atsikana ena amapemphedwa zoipa kuposa ndalama. Koma tiyang'ane chimene chimakudyetsa. Mpando umodzi ukafunsiridwa ndi anthu mazanamazana a mapepala ofanana, ngakhale bwana wachilungamo sangawerenge makalata onse. Amatsamira pa mawu a munthu amene amamukhulupirira, ndipo bwana wachinyengo amapeza pobisala. Kumene ofunsira ali ochepa, monga pa madokotala a ukadaulo, kudziwana kulibe mphamvu yotero. Ndiye chitsutsochi chikungolimbitsa mfundo yanga, chifukwa ngati chimene chikusowa ndi munthu wokudziwa, pepala lachiwiri silimubweretsa. Pokhapokha mwina m'njira imodzi yomwe masukulu salemba pa zikalata zawo: ambiri amene Masters ya Loweruka inawapezetsa ntchito anaipeza kudzera mwa amene ankakhala naye desiki limodzi.

Akuluakulu nawo ali ndi yankho lawo lokonzeka, lakuti ophunzira asiye kufuna ntchito, ayambe kulemba anzawo ntchito. Alipo amene atero, ndipo ngoyenera ulemu. Koma wonena mawuwa kawirikawiri amakhala pa malipiro a mwezi ndi mwezi. Bizinesi yoti ilembe injiniya kapena wa labotale imafuna mpamba, magetsi ndi ndalama zakunja. Mu 2024 Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika 26 peresenti, kutanthauza kuti wokongola ku banki wamba ankalipira choposa apo. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu January 2022, dziko linataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi ake kwa chaka chathunthu ndi miyezi. M'nyengo yotere, ngongole ya boma yoyambira bizinesi imabala shopu ya zovala kapena khola la nkhuku, zomwe zimadyetsa banja koma sizitsekula malo a wa digiri wina. Lonjezo la ntchito 1 miliyoni la pa chisankho cha 2020 linagunda khoma lomweli, ndipo pofika kumapeto kwa 2023 achinyamata anali kukwera ndege kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel. Kunena kuti vuto ndi ulesi wa ophunzira, kapena kuti masukulu sakuphunzitsa za pantchito, kuli ndi kachoonadi kake, makamaka kumene wophunzira amamaliza zaka zinayi osapitako ku attachment yeniyeni. Koma ngakhale onse ataphunzitsidwa bwino mawa, mipando ikhala yomweyo, angosinthana okhalapo.

Kukulitsa chuma kuti mipando ichuluke ndi ntchito ya zaka zambiri. Chimene chingatheke msanga ndi kuuza makolo zoona asanagulitse poloti. Yunivesite iliyonse imadziwa kulengeza fizi ndi tsiku loyamba makalasi, koma n'chapatali kuona ikulengeza kuti mwa omaliza pulogalamu yakutiyakuti zaka ziwiri zapitazo, angati ali pantchito, ntchito yanji, ndipo angati anali kale pantchito asanayambe. NCHE ikhoza kulamula kuti pulogalamu isavomerezedwenso popanda chiwerengero chimenechi. Bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira a m'mayunivesite nalo lili ndi chifukwa chake chofunira kudziwa, pakuti ngongole zake zimabwezedwa bwino podula pamalipiro, ndipo kwa lova kulibe podula. Manambala otere atalembedwa pambali pa fizi m'chilengezo choitanira ophunzira, mapulogalamu ena a Masters akhoza kudzaza kuposa lero, ena n'kusowa wolembetsa chaka chomwecho.